Mbiri ya Lamulo la 1871 ndi Milandu Yothera Pakhomo pa Khoti ku America

Nkhondo yapachiweniweni itatha ku America mu 1865, akapolo adamasulidwa, koma m'zigawo za kummwera gulu la azungu atsankho lotchedwa Ku Klux Klan lidayamba kukwapula ndi kupha anthu akuda, apolisi ndi oweruza akumeneko akungoonerera. Pachifukwa ichi, mu 1871 Pulezidenti Ulysses Grant adasainira lamulo lolola munthu amene wogwira ntchito m'boma la chigawo wamuphera ufulu kukasuma ku khoti la boma lalikulu. Lero maloya amangolitchula kuti Section 1983, potengera nambala ya gawo lake m'buku la malamulo.

Lamuloli lidagona zaka pafupifupi 90, ndipo lidadzuka mu 1961 pa mlandu wa James Monroe wa ku Chicago, yemwe apolisi 13 adamuthyolera nyumba mbandakucha opanda chikalata cha khoti, n'kumuimika ali maliseche pamodzi ndi mkazi wake uku akufufuza m'zipinda. Supreme Court, yomwe ndi khoti lalikulu koposa m'dzikomo, idagamula kuti apolisiwo akhoza kusumiridwa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti khoti lomwelo ndi limene lidayamba kuchepetsa khomo. Mu 1967, pa mlandu wa ansembe a mpingo wa Episcopal omwe adamangidwa ku Jackson, Mississippi, chifukwa cholowa pamodzi, akuda ndi azungu, m'chipinda cha azungu okha pa siteshoni ya basi, oweruza adati wapolisi wochita zinthu akukhulupirira kuti akutsata lamulo sayenera kulipira chipepeso. Mu 1982 chitetezochi, chotchedwa qualified immunity, chidakula kwambiri: wodandaula ayenera kuonetsa kuti ufulu umene udaphwanyidwawo udali wokhazikika kale momveka bwino, ndipo kawirikawiri izi zimatanthauza kupeza chigamulo chakale cha mlandu wofanana kwambiri ndi wake. Akalephera, mlandu umathetsedwa mboni zisanalankhule, ngakhale mabala akuoneka pathupi. Komatu mawu a chitetezochi mulibe m'lamulo la 1871. Adachita kuwonjezera ndi oweruza.

Kwa akaidi njira ndi yothina koposa. Lamulo la 1996 limawalamula kuyamba atsata ndondomeko zonse za madandaulo za kundende komweko asanasume, ndipo mkaidi amene milandu yake itatu idatayidwa monga yopanda maziko sangasumenso osalipiriratu ndalama zonse za khoti, pokhapokha ngati ali pangozi yovulazidwa kwambiri.