Kugoneka alendo a masiku ochepa m'nyumba yanu: mafunso ndi mayankho pa za chilolezo cha khonsolo

Kuyambira pamene Airbnb, kampani yolumikiza alendo ndi eninyumba pa intaneti, inakhazikitsidwa ku San Francisco mu 2008, anthu ambiri okhala m'matawuni ang'onoang'ono okopa alendo anazindikira kuti chipinda chongokhala, kapena nyumba yonse, ikhoza kubweretsa ndalama. Makhonsolo nawo anaona zimenezi ndipo anayamba kuika malamulo. Malamulowo amasiyana tawuni ndi tawuni, koma mafunso amene eninyumba amafunsa amakhala omwewomwewo.

Kodi lendi ya masiku ochepa ndi iti kwenikweni?

M'madera ambiri malire ake ndi masiku 30. Mlendo akakhala masiku osakwana pamenepo, khonsolo imaona kuti mukuchita bizinesi yogoneka alendo, yofanana pang'ono ndi ya hotela. Akapitirira pamenepo ndi munthu wa lendi wamba, ndipo amatetezedwa ndi malamulo ena. Matawuni ena amaika malirewo pa masiku 28, ena pa 31, choncho werengani lamulo la kwanuko. Dziwaninso kuti lamulo silisamala za kumene mlendoyo wachokera. Kaya wakupezani pa Airbnb, pa Booking.com, pa Vrbo, pa Facebook kapena wangouzidwa ndi mnzake, malinga walipira kuti agone, lamulo likukukhudzani.

Nyumba ndi yanga, ndinamanga ndi ndalama zanga. Chilolezo n'chachiyani?

Funso ili ndi limene limatenthetsa mitu pa misonkhano ya khonsolo, ndipo wofunsayo sakhala wopanda mfundo. Koma taganizirani za mnzanu wa nyumba yoyandikana nayo. Iye anagula malo m'dera lokhalamo anthu, osati pafupi ndi hotela. Tsopano Lachisanu lililonse pakhomo panu pafika nkhope zachilendo, magalimoto anayi atseka njira, nyimbo mpaka tambala kulira, ndipo zinyalala zatulutsidwa tsiku lolakwika agalu n'kuzimwaza. Akafuna kudandaula sadziwa kwa yani, poti mwininyumba ali kutali.

Chachiwiri ndi moyo wa alendowo. Munthu wogona m'nyumba yachilendo sadziwa khomo lothawira moto ukabuka usiku.

Chachitatu, chimene ine ndimaona kuti n'chachikulu kuposa zonse m'tawuni yaing'ono, ndi nyumba zokhalamo. Mzinda waukulu utataya nyumba mazana angapo suzindikira n'komwe. Tawuni ya mabanja ochepa ikataya zomwezo, mphunzitsi, namwino ndi wophika wa mu lesitilanti amasowa pogona, n'kumakakhala kutali ndi ntchito. Zikatere alendo omwe aja amapeza malo odyera atatseka msanga chifukwa antchito palibe. Chilolezo ndi njira imene khonsolo imadziwira kuti nyumba zotere zilipo zingati, zili pati, ndipo woyankha mlandu ndani.

Tsamba la pa intaneti landilola kale kulengeza nyumba yanga. Si zokwanira zimenezo?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Tsambalo ndi msika chabe. Mu mgwirizano umene munavomera polembetsa (uja ambiri amangodina osawerenga) muli mawu akuti udindo wotsata malamulo a kwanu ndi wanu. Masiku ano madera ambiri amalamula kuti nambala ya chilolezo izioneka pa chilengezo penipeni. Ku New York, kuyambira mu Seputembala 2023, masambawa saloledwa kulandira malipiro a lendi ya masiku osakwana 30 ngati mwininyumba sanalembetse ku mzinda, ndipo wolembetsayo ayenera kukhalamo m'nyumbamo pamodzi ndi alendo osaposa awiri. Ku Scotland aliyense wochita bizinesiyi anayenera kukhala atapempha laisensi ku khonsolo yake pofika pa 1 Okutobala 2023, kaya ali mu Edinburgh kapena pa kachilumba ka anthu ochepa.

Nanga ndikapita ku khonsolo akandifunsa chiyani?

Kawirikawiri amafuna umboni woti nyumbayo ndi yanu, kapena kalata ya mwini wake ngati inunso muli pa lendi. Amafuna chojambula choonetsa zipinda ndi makomo, chiwerengero cha malo oimikapo magalimoto, pepala la inshulansi, ndi dzina la munthu wopezeka pafupi amene angayankhe lamya usana ndi usiku. Munthu ameneyu musamutenge mopepuka. Malamulo ambiri amanena kuti afike pakhomopo m'nthawi yochepa dandaulo likaperekedwa, mwina mkati mwa ola limodzi, ndiye kulemba dzina la m'bale wanu wokhala tawuni ina n'kudzinamiza nokha.

Kenako amabwera woyendera nyumba. Iye amayang'ana ma alamu a utsi, chozimitsira moto, mawindo a zipinda zogona ngati munthu angathe kutulukirapo, mawaya a magetsi, ndi zogwirira pa masitepe. Ngati mumagwiritsa ntchito gasi kapena moto wa nkhuni m'nyumba, adzafunanso kachipangizo kochenjeza za mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo koma umapha munthu ali m'tulo. Pomaliza mumalipira ndalama ya chilolezo, imene m'madera ambiri imaperekedwa chaka ndi chaka.

Inshulansi ya nyumba ndili nayo kale. Ndikufunikanso ina?

Funsani kampani yanu, ndipo akuyankheni polemba. Inshulansi wamba ya nyumba yokhalamo nthawi zambiri siphimba ngozi zochitika pa bizinesi. Mlendo akaterereka m'bafa n'kuthyoka mwendo, mukhoza kupeza kuti muli nokhanokha.

Ndingagoneke anthu angati?

Chilolezo chimatchula chiwerengero. Njira yofala ndi ya anthu awiri pa chipinda chogona chilichonse, mwina n'kuwonjezerapo awiri pa nyumba yonse. Chipinda chochezera chimene mwaikamo matiresi sachiwerenga. M'matawuni ang'onoang'ono muli chinthu china chimene a mumzinda sachiganizira: nyumba zambiri sizinalumikizidwe ku mapaipi a zonyansa, zili ndi thanki yakeyake pansi. Thanki yomangidwira banja la anthu asanu singasenze anthu khumi ndi awiri mlungu ndi mlungu, ndipo ikasefukira fungo lake silisankha mpanda. N'chifukwa chake makhonsolo ena amawerengera alendo potengera kukula kwa thankiyo.

Kodi pali malire a masiku pa chaka?

M'madera ena alipo. Ku London, kuyambira mu 2015, munthu akhoza kuchititsa lendi nyumba yonse kwa alendo mpaka masiku 90 pa chaka popanda chilolezo chosinthira ntchito ya nyumbayo. Ku Amsterdam malire anatsika kufika pa masiku 30 mu 2019. Ku Japan lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 linaika masiku 180, ndipo linapatsa maboma a m'madera mphamvu yochepetsanso pamenepo. Cholinga chake n'kusiyanitsa anthu awiri: amene akugoneka alendo m'nyumba yake pomwe iye wachokapo, ndi amene wagula nyumba zitatu kuti zonse zikhale za alendo. Woyambayo malamulo ambiri amamufewetsera. Wachiwiriyo ndi amene amamuunika kwambiri.

Matawuni ang'onoang'ono ambiri amakonda njira ina: amaika chiwerengero cha zilolezo zonse, kapena amazilola m'madera ena okha pa mapu a tawuni. Zikatha, otsala amalembedwa pa mndandanda wodikira, ndipo kudikirako kukhoza kutenga zaka.

Ndikufuna kugula nyumba imene ili kale ndi chilolezo. Chidzakhala changa?

Musaganize choncho musanafunse. M'madera ambiri chilolezo chimakhala cha munthu amene anachipempha, ndipo nyumba ikagulitsidwa chimatha pomwepo. Wogulitsa adzakuonetsani mabuku a ndalama zimene ankapeza, ndipo mwina sakunama, koma ndalamazo zinkabwera ndi pepala limene inu simudzalandira. Ngati tawuniyo ili ndi mndandanda wodikira, mudzayambira kumchira, ngongole ya kubanki ikukudikirani mwezi uliwonse. Pitani nokha ku ofesi ya mapulani a tawuni musanasayine chilichonse, mukafunse za nyumba imeneyo potchula nambala ya malo ake. Onaninso mapepala a malowo ndi malamulo a bungwe la eninyumba ngati lilipo, chifukwa akhoza kuletsa alendo ngakhale khonsolo italola.

Za msonkho zili bwanji?

Pali misonkho iwiri yosiyana. Wina ndi wa pa phindu lanu, umene mumapereka ku boma monga pa bizinesi ina iliyonse. Wina ndi wa malo ogona, umene amalipira ndi mlendo koma wotolera ndinu. Kwina tsamba la pa intaneti limatolera lokha n'kutumiza, kwina ayi, ndipo kwinanso limatolera gawo la boma lalikulu n'kusiya la khonsolo. Sungani buku la alendo onse, masiku awo ndi ndalama zimene analipira.

Nditangoyamba mwakachetechete, angadziwe ndani?

M'tawuni yaing'ono? Aliyense. Ndipotu chilengezo chanu chili poyera, ndi zithunzi za khonde lanu lomwe. Makhonsolo ena amalemba ntchito makampani ofufuza zilengezo pa intaneti n'kuzifananitsa ndi kaundula wa zilolezo. Chilango chimayamba ndi kalata yochenjeza, kenako chindapusa, chimene kwina amachiwerenga pa tsiku lililonse limene mwaphwanya lamulo. Choopsa kwambiri n'chakuti ena amaletsa wogwidwayo kupempha chilolezo kwa chaka kapena kuposerapo. Amene ali nacho kale akhoza kulandidwa madandaulo otsimikizika akachuluka, kawirikawiri akafika atatu. Mwayi wochita apilo umakhalapo, koma masiku ake ndi ochepa, ndiye kalata ya khonsolo musaiike pansi pa mulu wa mapepala.

Malamulowa akakhazikitsidwa, ndiye kuti sadzasinthanso?

Amasintha, nthawi zina mwadzidzidzi, chifukwa mphamvu ya khonsolo imachokera ku boma lalikulu. Ku Arizona, m'dziko la America, lamulo la 2016 linaletsa matawuni kuthetsa lendi ya masiku ochepa, ndipo tawuni ya Sedona, ya anthu pafupifupi 10,000, imene kale inkaletsa bizinesiyi, inangoona nyumba zikusanduka zogona alendo manja ali m'khosi. Mu 2022 boma la chigawocho linabweza gawo la mphamvuzo, matawuni n'kuyamba kupereka zilolezo. Ku South Lake Tahoe, ku California, anthu anavota mu 2018 kuti nyumba zotere zichoke pang'onopang'ono m'madera okhalamo anthu, ndipo nkhaniyo inakathera kukhoti. Ku Barcelona meya analengeza mu 2024 kuti zilolezo pafupifupi 10,000 zidzatha ntchito pofika mu 2028.

M'tawuni yaing'ono zinthu izi zimagamulidwa ndi makhansala ochepa, pa msonkhano umene tsiku lake limalengezedwa pasadakhale ndipo aliyense akhoza kulowa. Eninyumba amene ndalama zawo zili pa bizinesiyi azipezekapo, ndipo akapatsidwa mpata wolankhula adzapeza kuti wokhala pa mpando woyandikana nawo ndi mnzawo uja wa kuseri kwa mpanda, atanyamula mndandanda wa masiku amene sanagone.