Paul Durrieu ndi buku la mapemphero lomwe linapsa ku Turin

Usiku wa pa 25 kuchera pa 26 Januwale 1904, moto unabuka mu laibulale yaikulu ya mumzinda wa Turin ku Italy. Pakati pa mabuku olembedwa pamanja amene anapsa panali buku la mapemphero lodziwika kuti Heures de Turin. Kuti lero tikudziwa maonekedwe a zithunzi zake, n'chifukwa cha Paul Durrieu, yemwe anazijambulitsa ndi kamera moto usanachitike.

Durrieu anabadwira ku Strasbourg mu 1855, ndipo ankatchulidwa ndi dzina laulemu la comte, lomwe ndi la anthu apamwamba ku France. Anaphunzira ku École des chartes mumzinda wa Paris, sukulu yosula akatswiri owerenga zolemba zamakedzana, kenako anapita ku École française de Rome. Ntchito yake yoyamba ikuluikulu inali yofufuza zikalata za mafumu a banja la Anjou ku Naples, ndipo anaitulutsa mu 1886 ndi 1887. Zikalata zimenezonso zinapsa, asilikali a Germany atazitentha mu 1943. Durrieu anagwiranso ntchito ku Louvre, nyumba yosungiramo zaluso ya ku Paris, ku nthambi ya zithunzi zopenta.

Luso lake linali lolondola komwe buku lachokera. Mabuku a nthawi imeneyo kawirikawiri alibe dzina la wopenta, choncho wofufuza amayamba ndi zinthu zooneka ngati zazing'ono: kukula kwa tsamba, chiwerengero cha mizere, kalembedwe ka mlembi, zizindikiro za banja la mwini buku, ndi mayina a oyera mtima a pa kalendala, pakuti dera lililonse linali ndi oyera ake omwe limawalemekeza. Akatero amafananiza zonsezi ndi mindandanda ya katundu wa mwini wakeyo. Ndi njira imeneyi Durrieu anaonetsa kuti buku la ku Turin linali chidutswa chabe cha buku lalikulu la Jean, duke (kalonga) wa dera la Berry ku France, lotchedwa Très Belles Heures de Notre-Dame. Robinet d'Estampes, wosunga chuma cha dukeyo, ndiye analigawa. Gawo lomwe linali litatha kale lili ku Paris. Gawo losamalizidwa linakafika kwa olamulira a ku Holland, komwe opanga zithunzi ena anapitiriza ntchitoyo, ndipo nalonso linadzagawidwa pawiri, lina kupita ku Turin, lina ku Milan.

Mu 1902 anasindikiza masamba 45 a zithunzi za gawo la ku Turin. Moto utadutsa panalibenso chokonza. Mabukuwa sanalembedwe pa pepala koma pa chikopa chopalidwa bwino, ndipo chikopa chikamva moto chimakwinyika, chimafota, n'kusanduka ngati ulimbo. Madzi ozimitsira moto amangowonjezera vuto, chifukwa amasungunula utoto ndi kumatanitsa masamba mpaka buku lonse kukhala chibuma chimodzi cholimba.

Zithunzi za Durrieu zili ndi malire ake. N'zakuda ndi zoyera basi, ndiye mitundu yonse inapita ndi moto. Chithunzi cha kalonga ali pa kavalo m'mbali mwa nyanja, anthu ake atamuzungulira, mafunde akuswekera pamchenga, timachiona mawonekedwe okha. Kuwala kwa pamadzi, komwe n'kumene kunadabwitsa anthu omwe anachiona ndi maso, kamera ya nthawiyo sinathe kukugwira mokwanira.

Apa ndi pomwe pagona mkangano womwe sunathebe. Durrieu ananena kuti zithunzi zina za m'bukuli n'zogwirizana ndi ntchito ya akatswiri openta Hubert ndi Jan, abale awiri a Van Eyck. Mu 1911 Georges Hulin de Loo wa ku Belgium anagawa opentawo powapatsa zilembo, ndipo waluso kuposa onse anamutcha G, n'kunena kuti ameneyu ndi Hubert van Eyck. Akatswiri ambiri pambuyo pake anati ndi Jan, ena akukana onse awiri. Chovuta n'chakuti mbali ina ya umboni ilipo pa zithunzi za kamera zokha, ndipo pa izo sungayeze utoto kapena kuona mmene burashi inkayendera. Zotsala za G, monga kubadwa kwa Yohane Mbatizi ndi Misa ya maliro, zili mu gawo la ku Milan, lomwe linasamutsidwira ku Turin mu 1935.

Chaka cha motocho, 1904, Durrieu anatulutsanso buku lalikulu lofotokoza Très Riches Heures, buku lina la mapemphero la duke wa ku Berry yemweyo lomwe limasungidwa ku Chantilly. Analowa mu Académie des inscriptions et belles-lettres, bungwe la akatswiri a mbiri yakale la ku France, mu 1907, ndipo anamwalira mu 1925.