Kusamala Zikho ndi Mbale za Mgonero m'Mipingo ya Kumudzi

Uthengawu ukupita kwa abusa, akulu a mpingo, atumiki ndi amayi amene amakonza gome la Mgonero wa Ambuye m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi madera ena a chigawo cha Tete. M'matchalitchi ambiri akumudzi Mgonero umachitika mbusa akafika, ndipo pakati pa ulendo wina ndi unzake ziwiya zimakhala miyezi ingapo m'bokosi kapena m'kabati, momwe mphemvu ndi makoswe zimayenda momasuka. N'chifukwa chake ziwiya ziyenera kutsukidwa m'mawa wa tsiku la Mgonero, ngakhale zinatsukidwa pozisunga.

Chiopsezo chachikulu chagona pa madzi. Kolera, amene anavutitsa Tete ndi zigawo zina za Mozambique mu 2023, amafala kudzera m'madzi ndi chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi cha munthu wodwala, choncho madzi osungunulira chakumwa cha Mgonero ndi otsukira zikho ayenera kukhala owiritsidwa mpaka kubwadamuka kwa mphindi imodzi, kapena othiridwa mankhwala oyeretsera madzi a Certeza motsatira malangizo a pa botolo ndi kudikira mphindi 30. Madzi a pamjigo amathanso kuipa ngati chigubu chotungira n'chosatsuka. Zikho zitsukidwe ndi sopo, zitsukuluzidwe ndi madzi otetezedwa othira kuchokera m'jagi, kenaka zivundikiridwe pathandala kuti ziume zokha. Kuzipukuta ndi kansalu kamodzi kumabwezera litsiro pa chikho chimene chinayera kale, ndipo beseni limodzi lomwe mwalowa tizikho makumi asanu madzi osasinthidwa silitsukanso kanthu. Wonyema mkate asambe m'manja ndi sopo, ndipo amene akutsekula m'mimba asagwire ntchitoyi tsiku limenelo, ngakhale akhale mkulu wa mpingo wolemekezeka.

Mipingo ina imamwera chikho chimodzi, ina imagwiritsa ntchito tizikho ting'onoting'ono, mwambo umene unayamba ku America m'zaka za m'ma 1890 pofuna ukhondo. Kusankha pakati pa njira ziwirizi ndi nkhani ya mpingo. Chomwe azaumoyo anganene n'chakuti malovu amatha kunyamula tizilombo ta chimfine ndi ta zilonda zapamilomo, ndipo mowa umene uli mu vinyo ndi wochepa mphamvu moti supha tizilomboti pa kanthawi kamene chikho chikuchoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake. Pomwe chikho n'chimodzi, mtumiki azipukuta mlomo wa chikhocho mkati ndi kunja ndi mbali yoyera ya nsalu, n'kuchitembenuza pang'ono asanapatse wotsatira, ndipo amene ali ndi chilonda pakamwa kapena chifuwa amwe pomaliza kapena apatsidwe kapu yakeyake. M'dera mukagwa kolera, chikho chimodzi chiyambe chaima mpaka mliri utatha.

Kachilombo ka HIV sikafala pomwera chikho chimodzi, ndipo TB imafala kudzera mu mpweya munthu akamatsokomola, osati pa ziwiya. Kupatula mkhristu pa gome chifukwa choti amamwa ma ARV n'kumulakwira popanda chifukwa. Chothandiza pa TB n'kutsekula mawindo ndi kulimbikitsa amene watsokomola kwa masabata awiri kuti akayezetse kuchipatala.

Zikho zakale zamkuwa zimene mipingo ina inalandira kalekale ziyenera kuyang'anitsitsidwa mkati. Chakumwa chowawasa chikakhalitsamo chimasungunula mkuwa, ndipo ngati mukuoneka dzimbiri lobiriwira, womwera akhoza kumva nseru ndi kusanza. Chikho chotero chisagwiritsidwenso ntchito. Tizikho tapulasitiki tong'aluka kapena tokandikakandika mkati timasunga litsiro m'ming'alumo, choncho titayidwe. Zikho zagalasi kapena zachitsulo chosachita dzimbiri n'zosavuta kutsuka, ndipo zikauma bwino zisungidwe m'ndowa ya chivundikiro yoikidwa pamalo okwera.