Belo ya ku polisi sigulidwa abale

Kuyambira kale kuno ku Zomba timangokhulupirira kuti m'bale akatsekeredwa m'chitokosi basi tiyambe kusonkha ya belo. Pano zafika pa WhatsApp, gulu latsegulidwa, achibale a ku Chinamwali ndi ku Matawale aliyense aponye kangachepe pa Airtel Money, voice note ikuzungulira yoti popanda kenakake satuluka, mbuzi mpaka kugulitsidwa. Ayi ndithu, belo ya ku polisi ndi yaulere. Chofunika ndi munthu womuimira wodziwika komwe amakhala, asayine kuti woganiziridwayo azikaonekera tsiku lomwe wauzidwa. Wina akakuuzani kuti tiganizireni kaye, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo wopereka naye ndi wolakwa, musaiwale.

Chomwe chimatisokoneza ndi belo ya ku khoti. Kumeneko majisitileti kapena jaji atha kulamula ndalama ya chikole inde, koma mumalandira lisiti, ndipo mlandu ukatha munthu osajomba ku khoti ndalamayo imabwezedwa. Lisitilo sungani bwino.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likutinso womangidwa auzidwe chomwe wamangidwira m'chiyankhulo chomwe amamva, ndipo afike ku khoti pasanathe maola 48, ikakhala weekend kapena holide ndiye tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Milandu ikuluikulu ngati yakupha apolisi sapereka belo, imeneyo ndi ya High Court, ndipo ngati ndalama ya loya palibe a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi konkuno ku Zomba.