Kutuluka m'chipatala kukakhala pakati pa anthu: mafunso ndi mayankho pa ndondomeko ya Transforming Care ku England

Mayankhowa ndi a mabanja komanso ogwira ntchito yosamalira anthu ku England, ntchito imene Amalawi ambiri kumeneko akugwira. Akukhudza anthu a ulumali wochedwa kumvetsa ndi kuphunzira zinthu, umene a NHS, bungwe la zaumoyo la boma, amalemba kuti learning disability, ndiponso anthu a autism.

Ndondomekoyi inayamba bwanji?

Mu Meyi 2011 pulogalamu ya Panorama ya BBC inaonetsa antchito akuzunza odwala pa Winterbourne View, chipatala cha kampani pafupi ndi Bristol. Antchito 11 anapezeka olakwa ndipo 6 anapita kundende. Mu Disembala 2012 boma linatulutsa ndondomeko ya Transforming Care, kulonjeza kuti onse ogonekedwa popanda chifukwa chokwanira adzakhala atatuluka pofika Juni 2014, koma zinakanika. Mu 2015 kunabwera pulani ya Building the Right Support, kenako lonjezo lakuti pofika Marichi 2024 chiwerengero cha ogonekedwa chidzatsika ndi theka. Nalonso silinapherezeke: anthu pafupifupi 2,000 anali adakali m'zipatala, ambiri atakhalamo zaka.

Ndiye kuti munthu wotere sangagonekedwenso?

Angathe, ngati wadwaladi matenda a maganizo ofunika chithandizo cha m'chipatala. Chimene chikukanidwa ndi kusandutsa wodi kukhala kwawo kwa munthu.

Amaunika ndani ngati m'bale wathu akuyenerabe kukhala m'chipatala?

Pali msonkhano wotchedwa Care and Treatment Review, mwachidule CTR, ndipo wa ana amautcha CETR chifukwa umakhudzanso sukulu. Amautsogolera ndi woimira ofesi ya NHS imene ikulipira bediyo. Amathandizana ndi katswiri wazaumoyo wosagwira ntchito pachipatalapo komanso munthu amene zoterezi anadutsamo, iye mwini kapena m'bale wake. Wamkulu amaunikidwa miyezi 6 iliyonse, kapena miyezi 12 akakhala m'chipatala cha chitetezo chokhwima, pomwe mwana ndi miyezi 3 iliyonse. Inu a banja mukhoza kupempha msonkhanowu nthawi yake isanakwane. Musatulukemo popanda zinthu ziwiri zolembedwa: tsiku limene akuyembekezeka kutuluka, ndi dzina la munthu amene wapatsidwa ntchito iliyonse.

Nanga chimachedwetsa n'chiyani, dokotala atanena kale kuti atha kutuluka?

Kawirikawiri ndi nyumba, antchito ndi ndalama. Munthu amene amasokonezeka ndi phokoso sungamuike pafulati yapakati, ana akuthamanga pamwamba pake. Wina amafunika nyumba yapansi yakeyake, ya magalasi osasweka, mapaipi obisika ndi kabwalo ka mpanda. Kuipeza ndi kuikonza kumadya miyezi yambiri, mwinanso kupitirira chaka. Kulakwitsa kumene kumachitika kwambiri ndi kudikira kuti munthu ayambe wakhala bwino, nyumba aifune pambuyo. Ntchito yofuna nyumba iyambe sabata imene wagonekedwa.

Palinso msampha wina wowawa. Wodi ndi malo a phokoso, magetsi owala ndi nkhope zosinthasintha. Munthu wa autism amavutika nazo, amakuwa kapena kudzipweteka, kenako zimenezo zimalembedwa m'faelo ngati umboni wakuti sanakonzeke kutuluka. Pa CTR funsani mosapita m'mbali: kodi khalidweli likuchokera ku matenda, kapena ku malowa?

Kusamuka kwenikweni kumayenda bwanji?

Khonsolo imaunika zosowa zake motsatira Care Act ya 2014, ndipo wachibale womusamalira ali ndi ufulu wounikidwa nayenso. Ngati munthuyo sangathe kusankha yekha kokakhala, Mental Capacity Act ya 2005 imati pachitike chomukomera iyeyo, maganizo ake ndi a banja atamvedwa. Kampani yomusamalira ikasankhidwa, antchito ake ayambe kugwira limodzi ndi anamwino pawodi, kuti adziwe mmene amanenera kuti watopa kapena akumva kupweteka. Kenako, kwa wogonekedwa mwalamulo, dokotala amapereka chilolezo cha Section 17 ya lamulo la Mental Health Act chokayendera nyumbayo: ola limodzi, tsiku lathunthu, kenako kugonako. Tizinthu tating'ono musatipeputse. Kapu yomwe amamwera tiyi, bulangete lake, nthawi yomweyo yosambira, zonsezi zisamuke naye.

Ndalama amalipira ndani?

Amene anagonekedwa mokakamizidwa ndi lamulo pa Section 3 kapena Section 37 ya Mental Health Act ya 1983 ali ndi ufulu wa chisamaliro chaulere akatuluka, cha Section 117, chimene NHS ndi khonsolo amalipira mogawana. Sichitha pokhapokha mbali zonse ziwiri zitagwirizana kuti sakuchifunanso. Mkangano wa maofesiwa pa zoti wina alipire zingati si chifukwa chosungira munthu pawodi, ndipo zikachitika kadandauleni molemba kalata.

Chipatala chikakana kumutulutsa?

Wogonekedwa mwalamulo ali ndi ufulu wokhala ndi womuyankhulira wodziimira payekha, IMHA, komanso wokadandaula ku Tribunal, bwalo lapadera lounika ngati ayenera kusungidwabe m'chipatala, kumene loya salipiritsa. Pa Section 3, wachibale amene lamulo limamutcha nearest relative atha kulemba kalata yomutulutsa, kupereka maola 72, ngakhale dokotala atha kutsekereza akaona kuti pali chiopsezo. Amene anabwera kudzera kukhoti pa Section 37/41 nkhani yawo imakhudzanso unduna wa zachilungamo, Ministry of Justice, motero imatenga nthawi yaitali.

Watuluka. Tingapewe bwanji kuti asabwererenso?

Pemphani kuti, iye akavomera, dzina lake lilowe m'kaundula wa Dynamic Support Register, kuti zinthu zikayamba kuvuta thandizo lifike kunyumba msanga. Pulani ya tsiku lovuta ikhale ndi nambala imene imayankhidwa ngakhale usiku. Mankhwala oziziritsa aunikidwe kawirikawiri, monga imanenera ndondomeko ya STOMP ya 2016 yoletsa kuchulutsira anthuwa mankhwala, koma asasiyidwe mwadzidzidzi. Ndipo khalidwe likasintha, yambani mwaona thupi: dzino lobooka, khutu, kudzimbidwa. Munthu wosatha kuyankhula akamadzimenya patsaya, mupititseni kaye kwa dokotala wa mano, ena asanayambe kukamba zomubweza kuwodi.