Mwachotsedwa ntchito ku America: kodi boma lingakulipirireni sukulu?

Kampani ikatseka kapena ikachepetsa antchito ku United States, pali ndalama za boma zolipirira munthu maphunziro a ntchito ina ku community college, makoleji aja a zaka ziwiri. Ambiri ndalamazi zimawadutsa chifukwa amathamangira kukoleji asanafike ku ofesi imene imavomereza malipiro.

Ndalamazi zimachokera kuti?

Zimachokera mu lamulo la Workforce Innovation and Opportunity Act, lomwe anthu amangoti WIOA. Analisaina Barack Obama mu 2014, kulowa m'malo mwa lamulo la mu 1998. Unduna wa zantchito ku Washington umatumiza ndalama ku chigawo chilichonse, chigawocho n'kugawira mabungwe a m'madera. Inu mumakumana nazo ku ofesi ya American Job Center, koma dzina la pachitseko limasiyana: ku Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri ku South Bend, amati WorkOne, ku Texas amati Workforce Solutions. Yakufupi ndi kwanu mungaipeze pa intaneti, pa CareerOneStop.

Amathandiza aliyense amene ntchito yamuthera?

Ayi. Gawo lotchedwa Dislocated Worker n'la munthu amene wachotsedwa kapena wapatsidwa kalata yoti achotsedwa, yemwe ali woyenera kulandira ndalama za ulova kapena anazilandira mpaka kutha, ndipo n'zokayikitsa kuti angabwererenso ku ntchito yamtundu womwewo. Amalowanso amene fakitale yawo yatsekeratu, amene bizinesi yawo yagwa chifukwa cha kusokonekera kwa chuma m'dera lawo, komanso amene ankasamalira pakhomo kudalira malipiro a mnzawo koma tsopano malipirowo kulibe. Ngati munasiya nokha, gawoli likhoza kukukanani. Funsani za gawo la Adult, lomwe limayamba ndi anthu opeza zochepa.

Nanga ine amene si nzika?

Chimene amayang'ana ndi chilolezo chogwira ntchito. Wa green card, wothawa kwawo amene anavomerezedwa, ndi ena amene boma linawalola kugwira ntchito angathe kupempha. Abambo mudzafunsidwanso za Selective Service, kaundula wa omwe angaitanidwe ku usilikali, amene pafupifupi mwamuna aliyense wokhala m'dzikomo ayenera kulembetsamo ali ndi zaka 18 mpaka 25. Ngati munafika mutapitirira msinkhuwo, nyamulani pasipoti yosonyeza tsiku lomwe munalowa.

Ndiyambire kukoleji kapena ku ofesi?

Ku ofesi, ndipo apa ndi pamene anthu amaluza. WIOA sikupatsani ndalama m'manja. Mlangizi amakufunsani za ntchito yomwe munkagwira, nthawi zina amakuyesani masamu ndi kuwerenga, kenako mukagwirizana amatsegula akaunti yotchedwa Individual Training Account, ndipo fizi imapita kukoleji mwachindunji. Kosi yomwe mwasankha iyenera kukhala pa mndandanda wa maphunziro ovomerezeka m'chigawo chanu, ndipo ikhale ya ntchito yomwe ikusowa anthu m'deralo: unamwino, kuwotcherera zitsulo, kuyendetsa mathiraki, zamagetsi, zamakompyuta. Koleji ikhoza kukhala yodziwika ngati Ivy Tech ya ku Indiana, koma kosi inayake mkati mwake n'kusakhala pa mndandandawo.

Mukalembetsa nokha, n'kulipira ndi khadi, kenako n'kupita ndi risiti kuti akubwezereni, musayembekezere kanthu. Maofesi ambiri salipira zomwe munagula musanavomerezedwe. Mapepala amatenga masabata, choncho yambani teremu isanayandikire.

Amapereka zingati?

Palibe mtengo umodzi wa dziko lonse. Bungwe la m'dera lililonse limaika malire ake, ndipo thumba likatha chaka chisanathe, mumadikira. Ena amaonjezera mabuku, zipangizo, mafuta a galimoto ngakhalenso ndalama yolipira wosamalira ana; izi muzifunsa, chifukwa si alangizi onse amene amazitchula okha. Si ngongole, simudzabweza.

Bwanji akundiuza kuti ndilembe FAFSA pomwe ndapempha WIOA?

FAFSA ndi fomu yopemphera thandizo la boma lolipirira sukulu. Lamulo limafuna kuti muyambe mwayesa thandizo lina, makamaka Pell Grant, ndalama ya boma yothandiza ophunzira opeza zochepa, ndipo WIOA imatseka pomwe patsala. Pell imafika madola 7,395 pachaka mu 2025-26, koma ndi ya omwe alibe digiri yoyamba, ndiponso ya nzika ndi ena monga a green card. Wa viza ya sukulu sailandira.

Pali msampha wina apa. FAFSA imawerengera malipiro a zaka ziwiri zapitazo, nthawi yomwe munali pantchito, ndiye mumaoneka ngati munthu wopeza bwino. Pitani ku ofesi ya financial aid kukoleji, yoona za thandizo la fizi, ndi kalata yokuchotsani ntchito, mupemphe kuti aunikenso. Lamulo limawapatsa mphamvu yosintha manambalawo.

Ndikayamba sukulu, ndalama za ulova ziyima?

Zikakhala kuti maphunzirowo avomerezedwa ndi ofesi yoona za ulova, mumapitiriza kulandira osakakamizidwa kusaka ntchito sabata iliyonse. Mukangolowa m'kalasi osawauza, akhoza kunena kuti simuli okonzeka kugwira ntchito, n'kudula. Auzeni musanayambe, ndipo chilolezocho chikhale cholembedwa.

Mnzanga anaphunzira ndi TAA. Ikadalipo?

Trade Adjustment Assistance inkathandiza omwe ntchito zawo zinasamukira kunja kwa dziko, ndipo inali yowolowa manja kuposa WIOA. Inasiya kulandira magulu atsopano pa 1 July 2022, aphungu atalephera kuitalikitsa.

Ndidikire tsiku lomaliza la ntchito?

Musadikire. Lamulo la WARN la mu 1988 limalamula makampani a antchito 100 kapena kuposerapo kuchenjeza kutatsala masiku 60 akamatseka kapena kuchotsa anthu ambiri. Kalata imeneyo ndi yokwanira kuyambira kulembetsa. Nthawi zambiri gulu la boma lothandiza ochotsedwa ntchito, lotchedwa Rapid Response, limabwera pakampani pomwepo kudzafotokoza zonsezi; msonkhano umenewo musaujombe.