Kodi mphunzitsi wa pa yunivesite amaphunzira kwa ndani kuphunzitsa?

Makolo ambiri amaganiza kuti munthu akakhala ndi digiri yachiwiri kapena ya udokotala ndiye kuti kuphunzitsa amakudziwa. Ayi ndithu. Digiri imangotsimikiza kuti masamu, zaulimi kapena malamulo amawadziwa. Kuima pamaso pa kalasi yodzaza, wina wochokera ku Lundazi, wina ku Chadiza, wina Chingelezi chikumuvutabe, n'kufotokoza mpaka onse amve, ndi luso lina. Ambiri mwa ife a m'makoleji ndi m'mayunivesite timangotengera mmene ankachitira amene anatiphunzitsa, zabwino ndi zoipa zomwe.

Pankhaniyi anzathu a ku pulayimale ndi sekondale anatisiya m'mbuyo. M'Zambia muno ali ndi dongosolo la SPRINT, lomwe limawakumanitsa m'timagulu pasukulu pawo pomwepo temu iliyonse. Mu 2005, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, chigawo cha Central chinayamba njira ya Lesson Study, ndipo kenako inafalikira m'zigawo zina. Aphunzitsi angapo amasankha mutu umene umavuta ana, n'kukonzera limodzi phunziro. Mmodzi amakaphunzitsa, enawo amakhala kumbuyo. Maso awo sakhala pa mnzawoyo kwenikweni, amakhala pa ophunzira: ndi pati pamene anasiya kulemba, ndi funso liti lomwe linagwa pansi popanda woliyankha. Akatuluka amakambirana, amakonza, ndipo phunzirolo limaphunzitsidwanso.

Ku yunivesite zimavuta chifukwa cha maudindo. A Dokotala safuna kuti wachinyamata amene walembedwa ntchito chaka chatha awaone akuvutika kufotokoza, ndipo wachinyamatayo amaopa kuti zimene zaoneka zikafika kwa mkulu wa dipatimenti. N'chifukwa chake ine ndimati kagulu kotere kasakhudzane ndi zokwezana pantchito, ndipo pasakhale fomu yosainira. Ntchito yoyendera ndi kuunika masukulu ili ndi eni ake. Bungwe la Higher Education Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, limalembetsa masukulu ndi kuunika maphunziro awo, koma silingakhale nanu m'kalasi Lachiwiri m'mawa.

Kuno ku Chipata tili ndi chifukwa chinanso choyambitsira timagulu totere. Misonkhano yambiri ya aphunzitsi imachitikira ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 pa Great East Road. Amapita mmodzi, ndipo zimene wamva zimathera mu kope lake. Chonsecho Chipata College of Education ndi nthambi ya DMI-St. Eugene University zili m'tauni imodzi. Magulu a WhatsApp tili nawo, inde, koma amadzaza ndi mauthenga a maliro ndi a malipiro.

Poyambira posafuna ndalama ndi pa mayeso. Aphunzitsi awiri atenge pepala limodzi la wophunzira, aliyense achonge payekha osaonetsana, kenako ayerekeze malikisi. Kawirikawiri amasiyana, ndipo pofufuza chifukwa chake zimadziwika kuti funsolo linali ndi matanthauzo awiri, kapena kuti wina amalanga Chingelezi pamene mnzake amaona mfundo zokha.